Ndiphunzitse bwanji ma registrar wodi itadzaza chonchi?

Madokotala anzanga, makamaka inu akuluakulu amene mwaphunzitsa kwa zaka zambiri, ndigawireniko nzeru. Ndangoyamba kumene kuyang'anira ma registrar (madokotala amene akuphunzira ukatswiri) a Family Medicine kuno ku Mangochi, maphunziro aja a zaka 4 a pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu (KUHeS). Kuchiza ndimathako, koma kuphunzitsa munthu amene ndi dokotala kale ndi nkhani ina.

Chandivuta kwambiri ndi nthawi. Dzinja likafika wodi ya ana imadzaza ndi malungo, ku OPD (koonera odwala osagonekedwa) nako mzere sutha. Pozungulira m'wodi ndikaima kuti ndifunse registrar chifukwa chimene wasankhira mankhwala akutiakuti, amayi odwazika ana amandiyang'ana ngati ndikucheza. Ndikathamanga, palibe chimene waphunzira. Inu mumatani? Mumaphunzitsira pabedi pomwepo, kapena mumasunga mafunso mpaka masana?

Chinanso, agogo ambiri ochokera ku Makanjira ndi Namwera amamasuka m'Chiyao, pomwe ophunzira ena sachimva n'komwe. Anamwino amatithandiza kumasulira, koma ikafika nkhani ya likodzo la amayi, wodwala amangoti zii.

Nanga registrar amene ali wamkulu kwa ine, ndingamukonze bwanji osamuchititsa manyazi?