Akavalo a Scots Greys aja atheka tsopano

Anzanga, paja ndinafunsa kuti akavalo otuwa a ma Scots Greys anga a 28mm (tizidole ta asilikali apakavalo a ku Britain) ndiwapente bwanji kuti asamaoneke ngati choko. Amene munati ndisayambe ndi penti yoyera munanenadi zoona. Ndinayamba ndi primer (penti yoyambira) ya grey, kenako wash yakuda yothira madzi ambiri kuti ilowe m'mizere ya minofu, itauma ndiye kumawalitsa pang'onopang'ono pamsana, pamatako ndi pakhosi, yoyera yeniyeniyo ndangoigunditsa pamwamba penipeni basi. Miyendo kuyambira m'mawondo kutsika komanso kukamwa ndadetsako, chifukwa akavalo otuwa amabadwa akuda kapena abulauni nkumayera akamakula, khungu limakhalabe lakuda. Timadontho ta pamatako tija ndapanga ndi kasiponji, burashi imachedwetsa komanso timadontho take timafanana kwambiri. Ndipo musawapente onse mofanana chonde, ena ayere kwambiri ena aderepo, mukawandandika pa tebulo mpamene amakongola.

Okwerawo sanavute, jekete yofiira, kolala ya buluu, thalauza la grey. Zipewa zawo za bearskin (chikopa cha chimbalangondo) ndazipenta zokutidwa ndi oilskin (nsalu yosalowa madzi) ngati mmene anavalira pa nkhondo ya ku Waterloo pa 18 June 1815, ndiye ndapakapo vanishi yowala pang'ono. Mmodzi ndikufuna akhale Sergeant Charles Ewart, uja analanda chiwombankhanga, chizindikiro cha 45th Line, gulu la asilikali a ma French.

Chatsala ndi ichi, inu mumamata wokwera pakavalo musanathire vanishi kapena pambuyo pake? Ndikuopa guluu angasiye zoyera pa chishalo.