Maimelo asowa titasamutsa domain, thandizeni

mlendo_265:
Abale thandizeni. Dzulo tasamutsa website ya ku ofesi kupita ku hosting ina, website ikutseguka bwinobwino koma maimelo ndiye zavuta, Outlook ikungofunsa password osaleka ndipo makasitomala akuti atitumizira ma order koma ife sitikuona kanthu. Mu webmail yatsopanoyi akale aja mulibenso. Kodi apitiratu?

kachingwe:
Sanapite achimwene, koma chonde musatseke akaunti yakale ija ngakhale mwezi ukutha, bola kulipiranso kamodzi. Maimelo satsatira website okha, amakhala pa disk ya seva yakaleyo. Ngati konse ndi cPanel (pulogalamu yoyendetsera hosting) ndipo anasamutsa ndi full backup amabwera limodzi, koma ngati anangokopa mafayilo ndi database basi ndiye mupangenso ma akaunti onse ku seva yatsopano, ndi chifukwa chake Outlook ikukana password, kumeneko simukudziwika. Mukatero mukoke maimelo akalewo ndi imapsync, pulogalamu yokopera maimelo kuchoka pa seva ina kupita pa ina, imafuna password ya uku ndi uko.

zaIT_Mzuzu:
Onaninso MX record yanu pa website ya MXToolbox, MX ndi imene imauza dziko lonse koponya makalata anu. Pa cPanel TTL (nthawi imene maseva ena amasunga record yakale asanafunsenso) imakonda kukhala masekondi 14400, ndiye maola 4, ndipo mukasintha ma nameserver (maseva osunga ma record a domain yanu) zimatha kutenga mpaka maola 48, nthawi yonseyi maimelo ena akugwera kwakale ena kwatsopano. Lowani webmail yakale pogwiritsa ntchito dzina la seva ya hosting yakaleyo pa port 2096 osati domain yanu, ma order aja mwina ali mmenemo. Amene alephera kufika chifukwa cha vuto la kanthawi chabe nawonso sanatayike msanga, maseva ambiri amayesabe kutumiza kwa masiku 4 kapena 5.

mayi_wa_accounts:
Funsani kaye aliyense mu ofesimo ngati ali pa POP3, njira yotsitsa makalata kuchoka pa seva kupita pa kompyuta. Otere makalata awo ali pa kompyuta yawo mu fayilo ya .pst, pa seva mwina mulibe, ndiye kopani fayiloyo musanakhudze chilichonse. Poikanso akaunti sankhani IMAP (imene imasiya makalata pa seva) port 993, yotumizira 465. Komanso SPF (record yonena maseva ololedwa kutumiza maimelo a domain yanu) iikidwe IP, kapena kuti adiresi, ya seva yatsopano, apo ayi Gmail izikutayirani ku spam kapena kukana kumene.

mlendo_265:
Zikomo nonse, ndalowa pa 2096 paja ma order onse alimo. MX ikuloza kwatsopano, panopa ndikupanga ma akaunti kenako imapsync madzulo ano.

kachingwe:
Muiyendetsenso kachiwiri pakatha masiku awiri kuti itole otsalira, siibwereza amene yakopa kale.