Kodi kukwera phiri wapansi n'chimodzimodzi ndi kukwera thanthwe ndi zingwe?

NaBanda, Kasungu

Moni nonse. Ine ndine mphunzitsi pasukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu, ndipo pamodzi ndi aphunzitsi anzanga awiri tikukonza zopita ndi ophunzira 18 a kalabu ya zachilengedwe ku phiri la Mulanje pa tchuthi cha mu Ogasiti. Zonse zinkayenda bwino mpaka tsiku limene tinaitana makolo kumsonkhano, pamene bambo wina anatulutsa foni n'kuonetsa anzake chithunzi cha anthu awiri akulendewera pa chingwe pakati pa thanthwe la Chambe, kunsi kwawo kuli mitambo yokhayokha. Anafunsa ngati zimenezo n'zimene tikufuna kukachita ndi ana awo, ndipo ine ndinasowa choyankha, chifukwa m'kalata imene tinawalembera tinangonena kuti tikukakwera phiri. Mayi wina ananyamuka msonkhano usanathe, nanena kuti mwana wake sapita.

Ndikupempha amene mukulidziwa phirili mundithandize. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa zimene amachita anthu a pachithunziwo ndi ulendo wamba wa m'phiri? Nanga nsonga ya Sapitwa, imene ana akuilakalaka kwambiri, ili mbali iti mwa ziwirizi?

Wa ku Likhubula

Aphunzitsi, ine ndinanyamula katundu wa alendo m'phirili kwa zaka zisanu ndi zinayi ndisanayambe kutsogolera alendo pandekha, choncho ndikuyankhani monga mmene ndimafotokozera anthu tikamanyamuka pa Likhubula. Vuto layambira pa mawu, chifukwa m'chinenero chathu zonsezi timazitchula kuti kukwera phiri, pamene ndi ntchito zitatu zosiyana.

Yoyamba ndi kuyenda wapansi potsata njira. Mukachoka pa Likhubula kupita kunyumba yogonamo alendo ya Chambe, kaya mwadzera njira ya Skyline kaya ya Chapaluka imene imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba, mumakwera mamita pafupifupi 1,000 m'maola atatu kapena anayi. Mtunda wake ndi wowawa, ntchafu zimanjenjemera, ndipo ndaonapo anyamata a mpira atakhala pansi n'kumapumira m'mwamba, koma thupi lonse limakhala lili pa miyendo, manja ali pandodo kapena pamalamba a chikwama. Njira imeneyi amadutsamo amayi atasenza nkhuni, ndipo kale ankadutsamo anthu atasenza matabwa a mkungudza pamutu. Munthu akaterereka amagwa chakumatako, n'kusupuka chigongono, n'kudzuka. Mmenemu ndi mmene anthu amayendera kuchoka ku Chambe kupita ku Lichenya, Chisepo, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi nyumba zina, ndipo alendo ambiri obwera ku Mulanje amangochita zimenezi basi.

Yachiwiri ndi imene ife timati kukwawa, ndipo ndi pamene pali Sapitwa, nsonga yaitali mamita 3,002. Mukachoka pa Chisepo mbandakucha, simutenga nthawi musanafike pamathanthwe osalala otsetsereka pamene ndodo imasanduka chopinga, moti timaisiya pansi kuti tidzaitenge pobwerera. Apa munthu amawerama n'kugwira mwala ndi zikhatho, ndipo kumtunda kwake kuli miyala ikuluikulu ngati nyumba yosanjikizana, pamene malo ena umavula chikwama n'kuchipereka kwa mnzako kuti upanikizike pa mpata wopapatiza. Chingwe sichifunika, koma manja amagwira ntchito, ndipo pali malo amene ukaphonya phazi ukhoza kuthyoka mwendo. Kupita ndi kubwerera pa Chisepo kumatha tsiku lathunthu.

Yachitatu ndi ya pachithunzi chija, ndipo imeneyo ine sindinaichitepo, ngakhale ndaperekezapo anthu mpaka patsinde pa thanthwelo nditawanyamulira zingwe. Ena afotokoze. Chimene ndinganene n'chakuti palibe wotsogolera alendo wanzeru zake amene angatengere ana a sukulu kumeneko.

Mbewe, Nairobi

Mayi NaBanda, achimwene a ku Likhubula ayala bwino nkhaniyi, ndipo ine ndingowonjezera za zingwezo, popeza ndinaziphunzira nditabwera kuno ku Kenya kudzagwira ntchito.

Anthu ambiri amaganiza kuti kusiyana kuli pa kutalika kwa phiri, koma si choncho. Kilimanjaro ndi lalitali mamita 5,895, kuposa phiri lililonse mu Africa, koma anthu amafika pansonga pake ya Uhuru akuyenda wapansi, chowavuta chimakhala kuchepa kwa mpweya ndi kuzizira. Pa phiri la Kenya, oyenda wapansi amathera pa Point Lenana, mamita 4,985, pamene nsonga ziwiri za Batian ndi Nelion, zimene zimaposa Lenana ndi mamita 200 okha kapena kuposerapo pang'ono, sizifikika popanda zingwe ndi luso. Komanso munthu akhoza kufera pa thanthwe la mamita 20 kuseri kwa mudzi. Funso limene ine ndimadzifunsa ndikayang'ana njira ndi lakuti, kodi ndikaterereka apa ndikaima pati? Ngati yankho lili lakuti ndikaima pansi pa phompho, ndiye kuti ndasiya kuyenda, ndayamba ntchito ina.

Ntchito imeneyo imachitika ndi anthu awiri omangidwa ku chingwe chimodzi, nthawi zambiri cha mamita 50 kapena 60. Aliyense amavala lamba wolimba wozungulira chiuno ndi ntchafu, chisoti choteteza ku miyala yogwa, ndi nsapato zothina za mphira zimene zimamata pamwala. Woyamba amakwera akulowetsa tizitsulo m'ming'alu ya thanthwe n'kumakolekamo chingwe, pamene mnzake ali pansi akumasula chingwecho pang'onopang'ono kudzera m'kachitsulo kamene kali palamba wake, kuti wapamwambayo akagwa achikoke n'kuchitsekera. Chingwe chikatha, woyambayo amadzimangirira pathanthwe, wachiwiri n'kukwera akuzula tizitsulo tija, kenako amayambiranso. Chingwecho chimapangidwa kuti chizitamuka pang'ono munthu akagwa, pofuna kuti msana usalandire mphamvu yonse ya kugwako. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti musagule chingwe cha nayiloni cha pamsika n'kumati mwateteza ana, chifukwa chingwe chimene palibe wodziwa kuchimanga chikhoza kukokera anthu atatu kuphompho m'malo mwa mmodzi.

Tsiku langa loyamba pathanthwe ndinali mamita osakwana 15 kuchokera pansi pamene mwendo wanga wamanzere unayamba kugwedezeka wokha ngati wa munthu wopalasa makina osokera, ndipo zala zinakana kusiya pamene zinagwira. Ndinali nditakwerapo Sapitwa kawiri, koma zimenezo sizinandithandize, popeza chofunika pamenepo chinali kukhulupirira chingwe ndi munthu amene wachigwira. Mbali ya kumadzulo ya thanthwe la Chambe, imene ndikuganiza kuti ndi ya pachithunzicho, ndi yaitali pafupifupi mamita 1,700 ndipo imawerengedwa m'gulu la mathanthwe aatali koposa okwera ndi zingwe mu Africa. Amene amaiyesa ndi akatswiri, ndipo ena amagona pathanthwe pomwepo.

NaPhiri, Mulanje Boma

Ndikugwirizana ndi abambo awiriwa, koma ndili ndi nkhawa yakuti aphunzitsi angachoke pano akuganiza kuti kumene kulibe zingwe kulibenso ngozi. Ife okhala kuno tikamva kuti munthu wasowa m'phiri, nthawi zambiri sakhala wa zingwe ayi, amakhala woyenda wapansi. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anamwalira kumeneko atasiyana ndi womutsogolera nyengo n'kusintha. Chiperoni chikabwera, ndipo chimabwera ndithu m'miyezi yozizira mpaka mu Ogasiti, nkhungu imaphimba phiri mwadzidzidzi moti munthu amene ali patsogolo pako suumuona, miyala imanyowa, ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Wa zingwe amadziwa kuti akuchita chinthu choopsa, choncho amakonzekera, pamene woyenda wapansi amanyamuka ndi malaya amodzi chifukwa kunsi kunali dzuwa. Makolowo muwauze zoona zonse, kuti ana sakalendewera pa chingwe, komanso kuti phirili limafuna ulemu.

NaBanda, Kasungu

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Ndilembanso kalata kwa makolo yofotokoza kuti tikayenda wapansi potsata njira za pakati pa nyumba zogona, tili ndi otitsogolera. Chatsala ndi cha Sapitwa. Bambo a ku Likhubula, kodi inu mukanakhala m'malo mwanga mukanawalola anawa?

Wa ku Likhubula

Aphunzitsi, onse 18 pamodzi sindikanawalola. Pamalo okwawa anthu amadutsa mmodzimmodzi, ndipo gulu lalikulu chotero limachedwa mpaka dzuwa kupendeka lisanayambe kutsika, pamene kutsika pamathanthwe osalala aja n'kovuta kuposa kukwera, chifukwa munthu amakhala watopa ndipo maso ake akuyang'ana kunsi. Chimene ndimachita ndi magulu a sukulu n'chakuti tsiku loyamba ndi lachiwiri ndimayang'ana mmene mwana aliyense akuyendera kuchoka pa Likhubula kufika pa Chisepo, amene akupondetsa phazi mosakayika ndi amene akugwira udzu pamalo posafunika kugwira. Madzulo pa Chisepo timasankha asanu kapena asanu ndi mmodzi amene akufunadi, n'kuwapatsa wotsogolera ndi mphunzitsi mmodzi, otsalawo n'kuyenda ndi wotsogolera wina pafupi ndi nyumba. M'mawa tikadzuka n'kupeza nsonga yavala nkhungu, palibe amene amapita, ngakhale alire.

Aliyense abwere ndi nsapato zokhala ndi mapazi a mphira osatha, zimene wazivalapo kale, osati zatsopano kapena za sukulu zoterera. Abwerenso ndi juzi, chovala cha mvula, tochi ndi bulangete lake, chifukwa usiku wa mu Ogasiti pa Chisepo umazizira moti ana amakanganirana malo pafupi ndi moto. Mukafika pa ofesi ya zankhalango pa Likhubula mukalembetse gulu lonse ndi kutenga otsogolera pomwepo, ndipo pa ana 18 musatenge ochepera atatu.