Kodi mwambi wakuti "Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo" umadzudzula yani?

Akuluakulu ndi inu nonse odziwa kuya kwa chiyankhulo chathu, ndikupempha kuti mundithandize kumasulira mwambi umene wandisowetsa mtendere kwa masabata angapo tsopano, wakuti "Tsamba likagwa manyazi agwira mtengo." Anaunena ndi azakhali anga kumudzi tsiku limene zinadziwika kuti mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 15, ali ndi pathupi pa miyezi isanu. Nthawi yonseyo mwanayo ankadzimanga nsalu mothina pamimba ndi kuvala juzi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo mayi ake, amene amagona naye nyumba imodzi, sanamufunse kanthu.

Tanthauzo limene ndinakula nalo ndi lakuti mwana akachita chonyansa, amene amanyozeka pamaso pa anthu ndi makolo ndi abale ake, ndipo azakhali anaunena m'njira yomweyo, pofuna kuti mtsikanayo aone mmene wachititsira banja manyazi. Koma ndikamaulingalira mofatsa, ndimaona ngati mwambiwu ukuloza chala mtengowo. Tsamba louma limayoyoka nthawi yake ikakwana, ndipo palibe amene amadabwa. Tsamba lauwisi likathothoka, munthu wanzeru amayang'ana kunthambi ndi kumizu kuti aone chimene chavuta. Kodi makolo athu akale sankatanthauza kuti mtengowo uli ndi mlandu chifukwa sunaligwiritse tsamba lake?

Chimene chandifikitsa pa maganizo amenewa ndi yankho la mwanayo. Atafunsidwa, anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi, kuti anzake anamuuza kuti kugona ndi mwamuna kamodzi kokha sikupereka mimba. Limeneli ndi bodza limene munthu wamkulu aliyense pakhomopo akanatha kulitsutsa m'mawu ochepa. Mimba imatheka ngakhale pa ulendo woyamba, ndiponso popeza dzira limakhwima msambo usanabwere, mtsikana angathe kutenga pakati asanaone n'komwe msambo wake woyamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti atsikana obereka ali ndi zaka zapakati pa 10 ndi 19 amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda okomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi poyerekeza ndi amayi a zaka 20 mpaka 24, ndipo ana awo amabadwa kawirikawiri masiku asanakwane kapena ali onyentchera. Zonsezi palibe anamuuzapo, ndipo ine ndemwe, amene ndimazidziwa, ndinangoti chete poganiza kuti nkhani zotere si zoyankhula ndi mwana.

Choncho ndikuona kuti manyazi anatigwira kawiri: poyamba anatitseka pakamwa tsamba lidakali panthambi, kenaka anatiweramitsa mitu litagwa. Mwambiwu ukuoneka kuti ukunena za manyazi achiwiriwa okha, ndipo n'chifukwa chake ndikufunsa amene munaumva kwa agogo anu: kodi iwo ankaunena kwa ana powaopseza, kapena kwa makolo powakumbutsa udindo wawo zinthu zisanaipe? Ndikufunanso kudziwa ngati mwambiwu umakhudza banja la mnyamata amene anapereka mimbayo, chifukwa tsiku limenelo palibe amene anatchula za mtengo wa kwawoko, ngakhale kuti nakonso tsamba linagwa.