Tool post ya kalathe kakang'ono: AXA kapena 0XA?

Kamnyamata: Akuluakulu, ndithandizeniko. Kuntchito kuno abwana andisiyira kalathe (makina osema chitsulo chikuzungulira) ka 7x14, kutanthauza kolandira chitsulo chonenepa mpaka mainchesi 7, chotalika mpaka 14, kuti ndizipangirapo mabushi ndi timapini. Kali ndi tool post (chomangirapo mipeni yosemera) yakale ya mbali zinayi ija, ndiye mpeni uliwonse mpaka ndiupachike pa timalata kuti ufike pa senta, pakati penipeni pa chitsulo chozunguliracho. Tsiku likungothera pamenepo. Akuti ndisankhe ndekha quick change, post imene mpeni uliwonse umakhala mu holder (chogwirira mpeni) yakeyake yochotseka msanga, iwo agula. Masaizi ake ndikuona AXA ndi yaing'ono yake 0XA. AXA ili bwino?

Malume Chitsulo: Mphwanga, usanatchule AXA tenga kaye veniya, choyezera chija. Yeza kuchokera pamwamba pa compound, kachitsulo kotsetsereka pamene post imakhala, kukafika pansonga ya senta ya tailstock, chochirikiza chitsulo kumapeto kwa lathe. Holder iliyonse ili ndi mlomo wapansi umene mpeni umagonapo. Phatikiza kunenepa kwa mlomowo ndi kwa mpeni wako. Zikapitirira muyeso uja, basi, mpeni uli pamwamba pa senta ngakhale holder uitsitse mpaka kugunda compound. Mpeni wotsika umakwezedwa ndi nati, koma wokwera ulibe kolowera. AXA anaipangira malathe ofika mainchesi 12. Kako ka mainchesi 7 mnzake ndi 0XA, ndi mipeni ya 8 kapena 10 mm. Komabe yeza, timalathe timeneti timasiyana ngakhale penti ikhale imodzi.

Achemwali a Fita: Ndiwonjezereko. Ogulitsa amalemba piston kapena wedge. Ya piston imakankhira holder kunja ndi kabatani. Ya wedge imatsitsa kachitsulo kopendekeka m'mbali mwa dovetail, mpata wa mbali zopendekeka umene holder imalumikizirana ndi post, holder n'kukokedwa kugwirana ndi post. Tengani wedge, achimwene. Mukachotsa mpeni n'kuubwezera umakhala pamene unali, ndipo n'chimene mukugulira chinthuchi. Za aluminiyamu zonyezimira zija musaziyang'ane n'komwe, podula chitsulo zimanjenjemera.

Wausiku: Ine kuno ku Ulaya ndimangoona post ya mtundu wa Multifix. Imatembenuka malo 40, madigiri 9 paliponse, sufunika kumasula bauti kuti upendeketse mpeni. Yaing'ono yake ndi Aa. Anzathu a ku Britain pa malathe awo a Myford amakonda post ya Dickson.

Malume Chitsulo: Multifix ndi yabwino, sindikutsutsa. Koma mwanayu akufunika maholder ambiri, ndipo a Multifix ali ndi mano, sungawaseme wekha. A dovetail a mtundu wa Aloris, monga a AXA ndi 0XA, amapangidwa ndi makampani ambiri, komanso ngati pali makina a milling ndi mpeni wake wosemera dovetail wa madigiri 60 Loweruka limodzi watulutsa ako. Quick change ya holder imodzi ndi post yakale yomwe ija, yangosintha malaya.

Kamnyamata: Ndamva malume. Nanga kumanga kwake? Imangolowa?

Malume Chitsulo: Mwina. Timalathe timeneti tambiri tili ndi bauti ya M10 yoima pa compound. AXA imabwera ndi bauti ya pafupifupi 14 mm ndi kachitsulo kosasema kapansi, koti ukaseme wekha kalowe mu T-slot, mpata wooneka ngati T wa pa compound, pomwe kako T-slot kalibe. Ena amathamangira kukulitsa bowo la compound. Usatero. Chitsulo chake n'chopyapyala pamenepo, mazinga amagwira pang'ono. Bauti ikafupika kapena ikamagwedera m'bowo la post yatsopano, sema ina yaitali, kapena kabushi kodzaza mpatawo. Zimenezi uzisemeretu post yakale idakali pamalo pake. Ukayamba waichotsa, usemera chiyani?

Achemwali a Fita: Muonenso ngati pansi pa post pakukhala bwinobwino. Pa compound pamakhala kapini ka sipuling'i kamene kankakola post yakale, kachotseni. Mukamanga, tsekani chogwirira muone kumene chikuloza. Chisaloze ku chuck, chopanira chitsulo chimene chimazungulira.

Wausiku: Za senta muuzeni za lula zija.

Malume Chitsulo: Zimitsa makina. Mangirira chitsulo chobulungira mu chuck, panikiza lula yachitsulo pang'onopang'ono pakati pa nsonga ya mpeni ndi chitsulocho. Ikaima chilili, uli pa senta. Mutu wake ukapendekera kwa iwe, mpeni watsika. Ukapendekera kuseri, wakwera. Zunguza nati yapamwamba pa holder, tseka chogwirira, kenako uonenso, chifukwa holder imasuntha pang'ono potseka. Umboni weniweni ndi kusema kumaso kwa chitsulo mpaka pakati. Pakatsala kamchombo sunafike. Ukafika, manga nati yachiwiri ya pa holder kuti yoyambayo isayende.

Kamnyamata: Mu bokosi akuonetsa maholder asanu. Onse ndi ofunika?

Achemwali a Fita: Wa knurling (wodinda timizere pa chitsulo) wokankha uja usiyeni m'bokosi momwemo, umalemetsa mabering'i a kalathe kotere. Wopana ngati sizasi ndiye woyenera. Wodulira ndi wofunika, koma mpeni wake uime molunjika ndi chitsulo, musautulutse kwambiri, ndipo ma gib, timizitsulo tochotsa kugwedera pa compound, akhale omanga, apo ayi udzakumba n'kuthyoka. Timasikuluwu tobwera ndi maholder otchipa timafewa mitu msanga, tisintheni. Abwanawo muwapemphe awonjezere osemera wamba atatu kapena anayi, a 0XA nambala yawo ndi 250-001.

Kamnyamata: Zikomo achemwali, zikomo malume. Mawa ndikalowa ndiyeza, nditumiza chithunzi cha veniya.

Malume Chitsulo: Ujambulenso pamwamba pa compound post utaichotsa, tione bautiyo inalowa bwanji.