Kasensa koyezera kutentha kwa madzi m'kompyuta: ndigule kapena ndisiye?

WakuSalima: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kompyuta yanga imazizira ndi madzi, pampu ya D5, radiator (poziziritsira madziwo) imodzi ya 360mm. Mafani amatsatira kutentha kwa CPU (ubongo wa kompyuta), ndiye ndikangotsegula gemu amalira ngati chigayo, pakapita kanthawi zii, kenaka ayambanso. Ndamva za kasensa komangirira pa bowo la G1/4 (saizi ya mabowo olumikizirapo mapaipi) koyeza madzi enieniwo. Msuweni wanga ku Joni akuti ndi R250. N'kofunikadi?

Chimtali: Musayerekeze achimwene. Ine munthu wina wogulitsa timasensati pa intaneti anandidyera masuku pamutu. Kanga kanali ndi kasikirini, ndinakadikira miyezi iwiri, kutafika kamangoonetsa madigiri 26 usana ndi usiku ngati wotchi yakufa. Kenaka kudontha pa O-ring (kamphira kotsekera madzi), madzi pa GPU (khadi ya zithunzi). Nditamuimbira anandibuloka.

BwanaRGB: R250? Timasensa ta ana timeneto. Ine ndili ndi Octo ya Aquacomputer, controller yoyendetsa mafani, masensa awiri, ina polowa ina potuluka, zonse ndimaziona pa pulogalamu ya aquasuite. Madzi anga sanapitirirepo 31.

Chimtali: 31 mu Okutobala? Mumakhala mufiliji kapena?

BwanaRGB: Ndili ku Leeds ku Mangalande bwana.

Chimtali: Nanga mukutinyadira chiyani, kukuthandizani ndi nyengo.

MayiWaMawaya: Tiyeni timuyankhe mwini funso. CPU imadumpha madigiri 20 m'sekondi imodzi, pomwe madzi amatentha pang'onopang'ono. Mafani ntchito yawo n'kuziziritsa madziwo, ndiye akamatsatira madzi kulira kodzidzimutsako kumatha. Kasensako ndi ka thermistor (kachipangizo komva kutentha) wamba ka 10k, mawaya awiri basi. Koma yang'anani kaye ngati bolodi yanu (motherboard) ili ndi pobayapo kasensako, pa ASUS pamalembedwa T_SENSOR. Ngati palibe mufunikanso controller, ndipo ndalama si R250 ayi. Chinanso, madzi sangazizire kuposa mpweya wa m'chipinda. Ku Salima chipinda chikafika 35, madzi kufika 45 si zachilendo. D5 malire ake ndi 60, ndipo mapaipi apulasitiki a PETG amafewa akatenthedwa. Masensa awiri a BwanaRGB aja ndi kuwononga chabe, madzi akamayenda bwino kusiyana kwake ndi digiri imodzi kapena ziwiri.

BwanaRGB: Kwanga ndi 0.8. Nsanje basi.

Kabaza99: Zonsezi za chiyani? Gulitsani zamadzizo mugule choziziritsira cha mphepo, Peerless Assassin ya Thermalright. Mphepo siidontha.

WakuSalima: Sindinafunse zimenezo aise.

Kabaza99: Chabwino, tengani thermometer ya m'khitchini muviike mu reservoir, kathanki ka madziwo. Ulere.

Chimtali: Mlamu akadzaipeza thermometer yawo ikununkha coolant mudzatiuza.

Gogo_Pentium: Ine ndinangomata thermistor ndi tepi pa fitting yachitsulo yolumikizira paipi, n'kuphimba ndi kasiponji. Imachedwa pang'ono kusintha koma mafani anakhala chete. Sindinakhuthule madzi n'komwe. Ndipo kasensako si R250, ndinakaona pa madola 8.

MayiWaMawaya: Madola 8 musanawerengere zotumizira ndi msonkho, agogo.

Kabaza99: Kapena mu Fan Control ingoikani kuti mafani azichedwa kuyankha. Pulogalamuyo ndi yaulere.

WakuSalima: Ndatsegula bokosi, bolodi yanga T_SENSOR ilibe. Ndiye controller yotchipa ndi iti?

BwanaRGB: Yanga ndikugulitsa, ndikufuna kukweza. Bwerani ku inbox.

Chimtali: Zimayamba choncho.