Juisi wa vape wada pashelefu, makasitomala ayamba kubweza

Wakontena pa Boma:
Anzanga thandizeni, mutu waima. Mu Ogasiti ndinapikula mabotolo 24 a 30ml a juisi wa vape (madzi a nikotini othira mu ndudu yamagetsi), theka nic salt 20mg, theka freebase 6mg (mitundu iwiri ya nikotini, manambalawo ndi mphamvu yake). Pofika anali mbee ngati madzi. Lero vanilla custard yense wada ngati tiyi wopanda mkaka, mango wachita chikasu. Dzulo kasitomala wabweza awiri, akuti akukanda pakhosi ngati tsabola ndipo mango sakumveka n'komwe. Deti yothera ndi chaka chamawa. Shelefu yanga ili pawindo loyang'ana kumsewu. Andigulitsa feki kodi? Nditaye?

Achimwene a ku Monkey Bay:
Si feki ayi achimwene, katunduyo mwamuphika nokha. Kontena mu Okutobala kuno kunyanja ndi ng'anjo. Nikotini sagwirizana ndi zinthu zitatu: mpweya, dzuwa ndi kutentha. Amayamba chikasu, kenako bulauni, nthawi zina amafiirira. Tayikani botolo la 20mg pambali pa la 6mg la fleva imodzi, muona kuti lamphamvulo ndilo lada kwambiri. Kukanda kwa tsabolako ndi nikotini yemweyo wawonongeka. Koma vanilla ndi custard musazinamizire, zimada zokha ngakhale mumdima, ndipo kukoma kumakhalapobe. Zazipatso ndi zimene fungo limathawa msanga.

Mdala wa pa Makawa:
Ikani mufiriji basi. Ine chaka chachitatu chino, sindinatayepo botolo.

Mayi a ku Chembe:
Bambo, firiji ya kuno ndi magetsi othimathimawa? Botolo lizizire usiku, masana lifunde, lichite thukuta. PG ndi VG, madzi awiri opangira juisiyu, zimakoka chinyezi, chitsekerero chikangokhala cholekera madzi amalowa. Komanso VG ikazizira imalimba ngati uchi. Kasitomala wanga wina anathira wozizira mu pod (kathanki ka vape) n'kukoka pompo, thonje la mkati lisananyowe, koyilo (kawaya kotenthetsa juisi) inapsa tsiku lomwelo. Anabwera kudzandikalipira pamaso pa alendo apaloji. Wa menthol ndinamuonapo atachita timibulu pansi pa botolo.

Mdala wa pa Makawa:
Mumatulutsa, afunde kaye ola limodzi, mukhutchumule. Vuto lili pati? Firiji.

Mayi a ku Chembe:
Vuto ndi ana, bambo. Firiji yathu ndi yomweyo ya mafirizesi ndi Sobo. Mwana wa mchemwali wanga, wazaka zinayi, anapeza kabotolo ka sitiroberi kosatsekedwa bwino, kananunkhira ngati switi, ananyambita. Anasanza, thukuta thupi lonse, dovu kutuluka. Tinakwera naye njinga yamoto usiku kupita kuchipatala, ine mtima uli m'mwamba njira yonse. Anachira, koma kuyambira tsikulo juisi wanga amakhala mubokosi lokhoma. Nikotini ndi poizoni, amalowa ndi pakhungu pomwe. Akakutayikirani m'manja sambani ndi sopo nthawi yomweyo.

Che Wa ku Namwera:
Kwathu kumtunda kuno kumazizirako, sitivutika ngati inu akunyanja, komabe pawindo sindiikapo. Pashelefu pamakhala makatoni opanda kanthu oti anthu aone. Katundu weniweni ali mu cooler box yopanda ayisi, pasimenti, kuseri kwa kauntala, mabotolo choimirira, otsekedwa zolimba. Ndipo lekani kutsegulira aliyense kuti anunkhize. Botolo likatsala theka, theka linalo ndi mpweya, limada mofulumira. Chimene musayerekeze ndi kuthiramo madzi kapena kusakaniza wakuda ndi watsopano kuti aoneke bwino. Wina anachitapo zimenezo kuno, anthu anamuthawa onse.

Wakontena pa Boma:
Zoonadi 20mg ndiye wada kwambiri. Ndiye wotsalayu ndigulitse kapena ayi? Ndalama zanga zonse zili mmenemu.

Achimwene a ku Monkey Bay:
Mtundu wokha sukuuzani. Tsegulani limodzi pa fleva iliyonse. Likanunkha chowawasa, kapena lalekana m'magawo osabwererana ngakhale mukhutchumule, kapena muli zoyandama, limenelo lapita. Custard ngati akukoma, muuzeni kasitomala zoona ndipo mutsitseko mtengo. Wokanda pakhosiyo musamugulitse. Komanso potaya musathire mungalande, mvula ikayamba zonse zimathera mu Shire.

Wanjinga wa ku Mpondasi:
Inu mukunena juisi, nanga ma disposable, ma vape ongotaya akatha aja? Muli batire ya lithium mmenemuja. Katoni yanga inachokera ku Blantyre ili pafupi ndi injini ya minibasi, pofika Liwonde inali yotentha osagwirika. Atatu anatupa, awiri anadontha. Yotupa musaiyese kukoka, musaichajenso.

Mdala wa pa Makawa:
Ya mabatire ndavomera. Koma juisi, achimwene apa Boma, mufiriji. Gulani kafiriji kakang'ono kake kokha, mukhome ndi loko.

Wanjinga wa ku Mpondasi:
Alipo ali ndi makoyilo a 0.8 kuno kutauni? Anga atha kuyambira Lachiwiri.